Chitseko Chimene Ndinakhomera Mayi Dolofe

Tiyamike ndi iwe Mphatso, mwandifunsa kokwanira chifukwa chimene bambo wanu, munthu wopuma ntchito, mawondo akulira ngati mahinjesi adzimbiri, ndimakwererabe maminibasi kupita kumakonsati a mayi wokalamba amene si mbale wathu. Pakamwa ndalephera kukuyankhani. Choncho ndalemba. Zakubadwa kwanga ndi zasukulu ndazidumpha. Mumazidziwa kale, ndipo mulibemo chonyaditsa.

Ndirande, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali paholo ya anthu a m'dera ku Ndirande. Pakalata analemba kuti ndine wothandizira woyang'anira holo, koma chimene anandipatsa tsiku loyamba chinali tsache. Bwana wanga anali a Chipofya, munthu wamfupi wovala tayi ngakhale mu Okutobala, amene ankakhulupirira kuti aliyense wolowa m'holomo wabwera kudzaba babu. Holo yonseyo inali ndi mababu atatu amoyo. Akamaweruka ankawachotsetsa, n'kuwakulunga m'masokosi akale, n'kuwatsekera m'dirowa. Kukakhala zochitika ine ndinkakwera pamakwerero iwo atagwirira m'munsi, osati poopa kuti ndigwa ine, koma poopa kuti ligwa babu. Katani yathu inali matumba a ufa osokedwa pamodzi n'kunyikidwa mu utoto wofiira, ndipo dzuwa likawomba kumbuyo munthu unkatha kuwerengabe zilembo za pamatumbawo.

Lachitatu lililonse kunkabwera kagulu ka masewero kudzakonzekera. Atsogoleri ake anali banja, a Lakisoni Namaona ndi akazi awo a Dolofe. A Lakisoni ankagwira ntchito kufakitale yoomba nsalu, a Dolofe ankasoka madiresi pakhonde la sitolo ina kumsika. Masewero awo sanali olankhula chabe. Munthu akakwiya ankayimba, akalira ankayimba, ngakhale wapolisi ankamanga wakuba akuyimba. Ine wochokera kumudzi ndinaona ngati misala, mpaka tsiku limene ndinamva a Dolofe atatsegula pakamwa. Ndinaima chilili tsache lili m'manja, fumbi limene ndinali nditautsa n'kukhazikikanso pansi.

Masiku amenewo sewero linkatayipidwa kope limodzi lokha, ndipo kopelo linkapita kuofesi yoona ngati mulibe mawu olakwika, kumene linkagona miyezi. Mapepala okopera kunalibe. Aliyense ankasunga mbali yake m'mutu, ndipo ine posesa ndinasunga za onse osadziwa kuti ndikusunga. Tsiku lina bambo amene ankachita za mkulu wa mpingo anaima kakasi mawu atawathawa, ine ndili pakati pa mabenchi n'kungowamalizira mokweza. 

"Ndani ameneyo?" anafunsa a Dolofe.

"Ndine, mayi. Pepani, pakamwa panangotseguka pokha."

"Dzina?"

"Fanuwelo."

"A Fanu, tanenani mawu anga a m'gawo lachiwiri."

Ndinawanena onse osapunthwa. A Dolofe anayang'ana amuna awo n'kunena kuti, "Bambo, kope lathu labwerako kuofesi. Lamera miyendo."

Kuyambira tsiku limenelo malo anga anali pachingwe cha katani, dzanja limodzi likukoka, pakamwa pakunong'oneza aliyense woiwala. A Chipofya anadandaula kuti sindinalembedwe ntchito yonong'ona, koma a Dolofe anawasokera shati ya manja aatali, nkhani n'kuthera pomwepo. A Dolofe eniake sindinawanong'oneze ngakhale liwu limodzi m'zaka zonsezo. Mutu wawo unali wakuthwa kuposa wanga, ndipo ankadziwa zimenezo.

Bangwe ndi Zingwangwa, m'ma 1980 mpaka m'ma 2000

Anandikweza kukhala woyang'anira holo weniweni n'kundisamutsira ku Bangwe, kenako ku Zingwangwa. Kumeneko bwana wanga anali Mayi Kalitera, amene ankayendetsa chala pawindo kufunafuna fumbi asanapereke moni. Gulu la a Namaona linkanditsatira kulikonse kumene ndinali ndi makiyi. Tinkavutika, musaone ngati zinali zophweka. Magetsi ankathima pakati pa sewero, ife n'kundandika nyali za mafuta m'mphepete mwa siteji. Chingwe cha katani chitaduka ku Bangwe ndinakatenga choyanikira zovala cha mayi anu, mlandu umene sunawole mpaka lero.

Sewero limene linawatchukitsa linali la mkazi wodikira mwamuna wake amene anapita kumigodi ya ku Joni. Kumapeto kwake, patatha zaka zambiri popanda kalata, mkaziyo amamva mapazi kunja, amaima pafupi ndi chitseko n'kuyimba:

Ndani akuponda pabwalo panga
ndi mapazi amene ndinaleka kuwadikira?

Mwamunayo amayankha ali kuseri kwa chitseko, osaoneka:

Tsegulani, amake ana, ndine,
sutikesi ilibe kanthu, koma mwiniwake ali moyo.

Mkazi amatsegula, mwamuna amalowa, ine n'kutseka katani. Amayi a ku Bangwe, ambiri a iwo odziwa kudikira kwa mtundu umenewo, ankalira mpaka zitenje kunyowa.

A Lakisoni ankachita mbali ziwiri, ya kapitawo wa mgodi ndi ya mwamunayo, ndipo nthawi yosinthira zovala inali yochepa. Tsiku lina buluku linawakanirira m'miyendo funso la akazi awo likumveka kale. Anandikodola ndi mutu, ine n'kuyimba vesi lawo ndi mawu awo, kenako n'kuthamangira kuchingwe iwo akulowa. Palibe anatulukira. Chinakhala chizolowezi: fumbi la thonje likawasasitsa mawu, ndinkayimba ndine.

"Iwe Fanu," ankatero akumanga lamba, "akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Iwe Mulungu anakupatsa zonse ziwiri."

A Dolofe sitinawauze, chifukwa ankadana ndi chinyengo pasiteji ngati mmene a Chipofya ankadanira ndi obwereka mababu.

Kenako kunabwera mavidiyo, anthu n'kuyamba kudzazana m'tizisakasa kuonera azungu akumenyana. Maholo anasanduka a maukwati ndi a matchalitchi atsopano. Gulu linabalalika. A Lakisoni anadwala chifuwa n'kumwalira, ndipo ndinanyamula nawo bokosi lawo. Patapita zaka ziwiri ndinapereka makiyi, ndikuganiza kuti ntchito yanga padziko yatha.

Chilomoni, zaka zitatu zapitazo

Chakudza sichiyimba ng'oma. Tsiku lina kunyumba kwathu kunafika Yamikani, mwana womaliza wa a Namaona, bambo wa ndevu zake amene amayimba kiyibodi kutchalitchi.

"Ankolo, ndikufuna mukawaone amayi. Koma pulizi, musakadabwe."

Ndinakadabwa. Ndinawapeza a Dolofe atakhala pampando pakhonde ku Chilomoni, atavala bwinobwino, manja ali pamiyendo ngati munthu wodikira dokotala. Anandiyang'ana m'maso, ine amene tinayenda limodzi zaka zoposa makumi awiri, n'kundipatsa moni waulemu wa mlendo.

"Takulandirani, bambo. Mwachokera kumpingo?"

"Amayi, ndi ankolo a Fanu awa," anatero Yamikani.

"A Fanu! Iii, mwakalamba liti? Holo mwasesa?"

Tinaseka tonse, mtima wanga n'kukhala pansi. Tiyi asanazizire n'komwe, anatembenukira kwa mwana wawo n'kufunsa chapansipansi kuti bambo aja akhala apowo ndi ndani.  Yamikani anandiuza kuti kuchipatala anati ndi matenda oiwala a ukalamba, ndipo sachira. Anthu ena oyandikana nawo anali atayamba kale kunong'ona za ufiti, chifukwa tsiku lina anawapeza kumsika atavala diresi ya sewero, akufunsa njira ya kwawo.

"Tsopano taonani izi," anatero.

Anatulutsa kiyibodi pakhonde n'kugunda poyambira nyimbo ina yakale. Msana wa a Dolofe unawongoka. Anaimirira popanda wowagwira, n'kuyimba mavesi anayi osaphonya liwu, dzanja likuloza omvera amene kunalibe. Mawu anali atatsikako, koma anali omwe aja.  Nyimbo itatha anapempha chakudya, munthu woti kwa masiku awiri ankakana ngakhale phala.

"Akayimba amadya, amagona, amatidziwa," anatero Yamikani. "Akapanda kuyimba amangozima ngati foni. Ndikufuna ndiziwapangira mashoo, ankolo. Koma popanda inu kuseri sizingatheke."

Tinayamba makonsati a Loweruka masana, m'maholo a masukulu ndi a mipingo, a Dolofe akuyimba nyimbo za m'masewero akale. Anthu ankabwera, agogo atagwira zidzukulu pamkono. Ine ndinabwerera pachingwe, koma zonong'ona zinali zachilendo. Mawu a nyimbo sankawaiwala. Ndinkawanong'oneza kuti, "Tili ku Bangwe, mayi," kapena, "Imeneyo mwayimba kale." Ankatha kupereka moni kwa anthu a ku Ndirande ali ku Chilomoni, holo n'kufa ndi phwete, iwo n'kugwira m'chiuno n'kuti, "Ndimakuyesani ngati muli maso!" Ukatswiri wobisa cholakwa pasiteji unali usanawachokere. Ndinazindikiranso kuti dzuwa likamapendeka mutu wawo unkapendeka nalo, choncho tinkafulumira kuti pofika folo koloko tikhale titatseka.

Nyimbo ya chitseko tinkaizemba dala. Koma ku Nkolokosa mayi wina anakuwa kumbuyo kuti, "Ya chitseko!" holo yonse n'kulandira. Tisanachite kanthu a Dolofe anali atayamba kale. Anayimba funso lawo n'kupendeketsa mutu, kudikira. Kunali zii. Anabwerezanso. Omvera anayankha onse pamodzi vesi la mwamuna, koma iwo anakweza dzanja.

"Inu khalani chete, ndikudikira bambo."

Anthu anaseka poganiza kuti ndi sewero. Ine ndinaona maso awo, n'kukoka chingwe msangamsanga. Kuseri anandigwira shati.

"A Fanu, a Lakisoni achedwanso kufakitale?"

 Anayankha ndi Yamikani, kuti ali m'njira.

Machinjiri, chaka chatha

Kuchokera tsiku limenelo, pakonsati iliyonse ankaiyamba okha nyimboyo, n'kudikira, n'kupita kwawo ali ndi nkhawa. Yamikani anabweranso kunyumba.

"Ankolo, madala anandiuza chinsinsi chanu asanatisiye. Mumawayimbira."

"Zimenezo zinali za kale, ndipo eniake anali moyo."

"Vesi limodzi basi. Amayi akamva yankho, ife titseka katani, finishi. Apita kunyumba ali hape. Cholakwika n'chiyani pamenepo?"

Ndinakana kawiri, kachitatu n'kuvomera. Ndisakunamizeni, si chifundo chokha chimene chinandivomereza. Munthu amene wanong'ona moyo wake wonse amalakalaka atakweza mawu tsiku limodzi. Chitseko chakale cha sewero tinakachipeza m'khola la nkhuku kwa a Dolofe, tinachitsuka, n'kuchipaka utoto. Tinayeserera awiriwiri a Dolofe kulibe, Yamikani akuyimba za mkazi, ndipo tinatamandana kuti ndife anzeru.

Konsati inali kuno kwathu ku Machinjiri, ndipo mayi anu anakhala pamzere wachiwiri ndi anzawo a kumpingo. Nthawi itakwana ndinasiya chingwe n'kukaima kuseri kwa chitseko. A Dolofe anafunsa, ine n'kuyankha ndi mawu a Lakisoni.  Nditamaliza ndinadikira kuti katani itseke, ndipo ndi pomwe ndinazindikira uchitsiru wathu. Wotseka katani ndinali ine. Kale ndikayimba ndinkathamangira kuchingwe chifukwa pachitseko pankatsala a Lakisoni. Tsopano Yamikani manja onse anali pakiyibodi, chingwe chili lende kutali, ndipo amuna awiri akuluakulu sitinaganize zimenezo ngakhale kamodzi. Ndisanasunthe phazi, chitseko chinatseguka.

A Dolofe anandiyang'ana. Ndinkayembekeza kuti akalipa kuti, "A Fanu, mukutani apa?" Ndikanakondwa akanatero. M'malo mwake nkhope yawo inasanduka ya mtsikana. Anandigwira dzanja n'kundikokera pasiteji, pamagetsi, pamene ndinali ndisanaimepo chibadwire anthu akuonera. Sanayimbe. Analankhula mawu amene mulibe m'sewero lililonse.

"Bambo, munali kuti nthawi yonseyi? Anthu kunyumba akundisunga ngati mwana. Ndikafunsa akuti muli m'njira, muli m'njira. Taonani mmene mwaondera!"

Anandikonza kolala, n'kundimenya pachifuwa ndi kankhonya, n'kugonekapo mutu. Anthu anaimirira, nthungululu zili gwaa.  Ndinayang'ana pamzere wachiwiri: aliyense ankawomba m'manja kupatula mayi anu, amene anali atagwira pakamwa. Yamikani anasiya kiyibodi n'kuthamangira kuchingwe, koma madzi anali atatayika kale.

Kuseri sanandisiye dzanja. Anauza mwana wawo kuti aitanitse galimoto, bambo ake atopa, akapume kunyumba. Anandifunsa ngati ndadya. Zala zawo zinali zitandikanikiza mpaka kusiya zipsera. Pomaliza ndinanama kuti ndikupita kuchimbudzi, n'kutulukira khomo lakumbuyo, n'kudutsa m'munda wa chimanga wa eniake ngati mbava, ine mkulu wa zaka zanga. Yamikani anandiimbira foni m'mawa mwake. Anati amayi ake akulira, akuti a Lakisoni anabwera n'kuthawiranso kwa mkazi wina. Zina zonse ankaiwala m'mphindi zochepa, koma chimenecho chinawakhala masiku atatu. Munthu amene sanayang'anepo mkazi wina moyo wake wonse, ine ndinamusandutsa wachimasomaso ali m'manda.

Chilomoni, patapita miyezi iwiri

Ndinauza Yamikani kuti sindidzapondanso kuseri kwa siteji, ndipo popanda ine makonsati anaima. Ndinkadziona ngati munthu wolungama. Kenako ndinayamba kumva za ku Chilomoni: a Dolofe asiya kutuluka pakhonde, akukana chakudya, zovala zikuwakhwepa. Yamikani sanandikakamize, ankangondiuza ndikafunsa, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ndikayimba ndiwanamiza, ndikakhala chete azima. Ndinakhala masabata ndikuzungulira m'nyumba muno ngati nkhuku yofuna poikira, mpaka mayi anu anatopa nane.

"Inu ndi Yamikani mwakhala mukugamula za munthu ngati ndi katundu. Eniake munawafunsa?"

"Ndiwafunse bwanji munthu woiwala?"

"Simunanene nokha kuti mutu umapendeka ndi dzuwa? Lawirirani."

Ndinakwera minibasi yoyamba, n'kufika ku Chilomoni ana asanapite kusukulu. Ndinawapeza a Dolofe atakhala pamphasa akuwothera dzuwa, ataonda zomvetsa chisoni. Anakweza mutu.

"A Fanu, mwalawira. Kwagwanji?"

Anandidziwa popanda wowauza. Ndinakhala pansi n'kuwafotokozera zonse, kuyambira ku Nkolokosa mpaka m'munda wa chimanga, osadzikometsera paliponse. Ankamvetsera maso ali pansi. Nditafika poti anandikonza kolala pamaso pa anthu, anatseka maso.

"Akazi anu analipo?"

"Analipo, mayi."

"Mukawapepese m'malo mwanga." Anatsegula maso. "A Lakisoni ali kumanda, ndikudziwa. M'mawa ndimadziwa. Kukamada sindidziwa kuti ndimapita kuti, amangondiuza ana zimene ndachita. Ndipo inuyo musadzitame kuti munandipusitsa kale lija. Ndinkakumvani. A Lakisoni ankamaliza mzere ndi mpweya umodzi, inu mumapumira pakati."

Ndinasowa poika nkhope.

"Ndiye nditani, mayi? Ndikayimba mumakhulupirira. Ndikaleka mukufa ndi njala."

"Muyimbe. Mayi wa madzulo uja musamumane mawu amenewo, alibe china. Koma asadzatsegulenso chitseko. Asadzagwirenso mwamuna wa mwini pamaso pa anthu a mu Blantyre muno. Dzina langa ndinalisoka ndekha, sindifuna kuti iye aling'ambe. Chikhomeni ndi misomali."

"Mudzalira, mayi."

"Adzalira iyeyo. Akakupemphani musamumvere. Mumvere ine, mwini wake wa thupili ndine."

Anaitana Yamikani n'kubwereza mawu omwewo pamaso pake, kuti pakhale mboni. Kenako anapempha phala. Ndinakhala nawo mpaka cha m'ma leveni koloko, pamene anandiyang'ana mwaulemu n'kufunsa ngati ndachokera kumpingo.

Ana anga, m'ntchito yanga yonse ndalandira malamulo kwa mabwana ambiri, ena opusa, ena ankhanza, koma palibe lamulo limene linandilemera ngati limeneli. Munthu mmodzi anandilamula kuti ndidzamukanize yekha chimene adzandipemphe akulira. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinasankha bwino. Ndinangoona kuti mwa awiriwo, amene ankadziwa nkhani yonse anali wam'mawa, ndipo ndinamvera iyeyo. A Dolofe akuyimbabe mwezi ndi mwezi, anthu akudzazabe maholo, thupi linabwerera, ndipo manong'onong'o a ufiti anachepa chifukwa onong'onawo ndi omwe amalimbirana mipando yakutsogolo. Zimenezo ndi zoona. Zimene zikutsatirazi ndi zoonanso.

Zingwangwa, kumapeto kwa chaka chatha

Konsati yoyamba titayambiranso inali ku Zingwangwa. Ndinafika m'mawa ndi hamala ndi misomali isanu ndi umodzi, n'kukhoma chitseko kufelemu yake. Matabwa anali atafumbwa ndi zaka za m'khola, misomali inkalowa mosavuta ngati ikulowa m'buledi, ndipo zimenezo sizinandisangalatse. Pachingwe panaima mayi anu, amene anadzipereka okha. Tinagwirizana kuti nyimbo ithe yonse, mavesi onse awiri a mwamuna, kuti a Dolofe asaone ngati awadula pakati.

Anayimba bwino tsiku limenelo kuposa masiku onse. Anapereka moni kwa anthu a ku Bangwe, anthu a ku Zingwangwa n'kuvomera mosangalala. Dzuwa litayamba kulowera m'mawindo akumadzulo, Yamikani anagunda poyambira nyimbo ya chitseko. Ndinaima pamalo anga. Funso linabwera, ndinayankha. Ndinamva mapazi awo akuthamanga pamatabwa, mapazi a munthu amene kunyumba amayenda chogwira khoma. Chogwirira chinatembenuka. Chitseko sichinatseguke.

Anachikoka, kenako anachikankha. Kenako anayamba kuchimenya ndi manja onse awiri. Kuholo anthu anayamba kulira, ena kuwomba m'manja, ndipo ndinamva bambo wina akukuwa kuti sewero ili aliwonjezera zokoma. Msomali wam'mwamba unasolomoka n'kugwera paphazi langa. Wachiwiri unayamba kutuluka ndikuuona. Sindinadziwe kuti m'thupi laling'ono lija munali mphamvu zotero. Ndinatembenuka n'kutsamiza phewa pachitseko, mapazi nditaponda kukhoma, ndipo nkhonya iliyonse inkadutsa m'thabwa n'kundifika m'mafupa.

Mwadzidzidzi kumenya kunasiya. Anaika pakamwa pampata wa pakati pa chitseko ndi felemu, pafupi ndi khutu langa, mpaka ndinamva kutentha kwa mpweya wawo. Analankhula motsitsa, mawu oti kuholo sanamveke.

"Bambo, ndine Dolofe. Sindikufunsani kumene munali. Tsegulani, ndakalamba."

Ndinayang'ana kuchingwe. Mayi anu misozi inali chuchuchu, manja ali pachingwe, akudikira kuti ndimalize monga tinapanganirana. Kiyibodi inazungulira n'kubwerera poyambira mbali yanga. Ndinakanikiza phewa, n'kuyamba vesi lachiwiri.